Kutsuka ndi kupolisha galimoto pakhomo popanda mthunzi

Bambo a Tadala: Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magalimoto. Loweruka likubwerali mchemwali wanga akukwatiwa, ndipo akomiti apempha kuti Axio yanga yakuda ija ndiyo inyamule akwati kuchoka kutchalitchi kupita kuholo. Ndimakhala ku Nchalo, nyumba ndi yalendi, pabwalo palibe ngakhale kamtengo, galaja ndiye musanene. Dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa. Mnyamata amene amanditsukira anaitsuka dzulo cha m'ma 11 koloko, ndipo itauma, boneti yonse ndi denga zatuluka timadontho toyera tosachoka ngakhale upukute bwanji. Polishi wa m'chitini ndagula kale. Ndipake masana ano ndikaweruka, kapena ndiyambe ndi chiyani?

Sienta wa ku 25: Galimoto yakuda ku Nchalo? Bwana munalakwira ndani? 😂

Bambo a Tadala: Ndinaigula ndili ku Dedza achimwene. Ondisamutsawo sanafunse mtundu wa galimoto.

Madala a ku Biwi: Bambo a Tadala, chitinicho musatsegule kaye. Ine ntchito yanga ndi yowongola ndi kupopera penti, ndipo galimoto zambiri zimene zimabwera kuno penti atakalikakalika, eni ake ndi anthu ozikonda, opukuta tsiku ndi tsiku. Musanathire madzi kapena kupaka chilichonse, ikani kuseri kwa dzanja pa boneti. Ngati simungapirire mpaka kuwerenga kufika pa 10 mosathamanga, isiyeni. Galimoto yakuda ikakhala padzuwa la masana chitsulo chimapitirira madigiri 60, mwinanso 70, pamene mpweya uli pa 38 kapena 40. Polishi mukamupaka pamenepo amauma musanamufalitse n'komwe, amakakamira, ndiye inu mumayamba kukhula ndi mphamvu kuti achoke. Kukhulako ndi kumene kumasiya timizere tozungulirazungulira tija timaoneka dzuwa likawomba pa galimoto yakuda. Komanso polishi pamwamba pa madonthowo ndiye kuti mwawatsekera mkati.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndifunse kaye. Madzi amene anatsukirawo anali a pampopi kapena a pamjigo?

Bambo a Tadala: A pamjigo aphunzitsi. Pampopi masiku ano amatuluka pakati pa usiku, tikapeza timasungira akumwa ndi ophikira.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndiye nkhani ili pamenepo. Madzi a pansi amadutsa m'miyala ndi m'dothi, ndipo amatenga mchere wamitundumitundu, makamaka calcium ndi magnesium. Dontho likauma padzuwa madzi amapita, koma mcherewo umatsala pa penti. N'chimodzimodzi zoyera zija zimakakamira pansi pa ketulo. Kuchigwa cha Shire ndiye nkhaniyi njaikulu, chifukwa m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje madzi a m'mijigo ndi amchere moti umachita kumveka pakamwa. Pa chitsulo chozizira dontho limakudikirani kuti mulipukute. Pa chitsulo chotentha limauma inu mukanali kutsidya lina la galimoto.

Mankhwala ake ngosavuta ngati madonthowo sanakhalitse: viniga woyera wa kukhitchini, theka viniga theka madzi abwino. Nyowetsani kansalu kofewa, kayaleni pamalopo kwa kanthawi kosapitirira mphindi imodzi, pukutani, tsukuluzani. Asidi wa mu viniga amasungunula mchere uja. Koma chitani chitsulo chitazizira, ndipo yesani kaye pakamalo kakang'ono.

Bambo a Tadala: Madzi abwinowo ndiwatenga kuti, poti a pamjigo ndi omwe abweretsa vutoli?

Aphunzitsi a ku Zomba: Kukanakhala kuti mvula yayamba ndikanati kingani a mvula, amenewo alibe mchere wotere. Pano gwiritsani a pampopi amene mwasungawo, ndowa imodzi yokha ya kutsukuluza komaliza. Osakaniza ndi viniga, gulani madzi aja othira mu batire, amapezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto ndi pomwetsera mafuta. Werengani botolo bwinobwino, likhale lolembedwa distilled water. Pali mabotolo ena ofanana nawo amene muli asidi wa batire, amenewo akakhudza penti kapena khungu ndi nkhani ina.

Madala a ku Biwi: Aphunzitsi anena zoona, koma ndiikepo chenjezo. Penti wa galimoto za ku Japan zimene tikuyendazi ali ndi kachikopa koonekera pamwamba, clear coat, kopyapyala kwambiri. Dontho la mchere likawotchedwa ndi dzuwa kwa masiku angapo limadya kachikopako, ndiye ngakhale mchere uchoke pamatsala kabwalo. Pamenepo viniga sathandiza, pamafunika makina opolishira ndi munthu wodziwa kuwagwira. Mukayesa kawiri osachoka, lekani. Musatenge sitiliwulu, musatenge mbali yobiriwira ya siponji yotsukira mapoto. Ndaonapo boneti zimene zinangotsala kuti ndizipoperenso chifukwa cha siponji imeneyo.

Chiko wa Car Wash: Akuluakulu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonsezi nzabwino koma mukuyankhula ngati anthu amene kasitomala sanakuimireni pamutu. Ife kuno ku Ndirande galimoto imabwera 12 koloko, mwini wake ali pa lunch, akufuna ichoke 1 koloko isanakwane. Ndimuuze kuti abwere tambala akulira? Apita kwa mnzanga wa pafupi. Timatsuka padzuwa tsiku lililonse ndipo madontho kulibe.

Sienta wa ku 25: Auzeni Chiko. Ife a Sienta tikudziwa, galimoto ikaima ndiye kuti poto kunyumba waimanso.

Madala a ku Biwi: Chiko mwana wanga, ndiuze mumakhala angati pa galimoto imodzi, ndipo madzi mumathira ochuluka bwanji.

Chiko wa Car Wash: Awiri madala, nthawi zina atatu. Choyamba timathira madzi galimoto yonse mpaka chitsulo chizizire, nthunzi isiye kutuluka. Kenako wina akupaka thovu, wina ali pambuyo pake ndi payipi. Tikamatsuka mbali ino, mbali inayo timaiwazabe kuti isaume yokha. Tikatseka madzi tonse timagwira nsalu, kuyambira denga ndi boneti chifukwa ndi zomwe zimauma msanga.

Madala a ku Biwi: Eya, ndiye sitikutsutsana. Iwe ukugonjetsa dzuwa ndi manja ambiri komanso payipi yosaduka. Bambo a Tadala ali okha, madzi akuchita kutunga ndi ndowa, ndipo ali ku Nchalo osati ku Blantyre kumapiri. Nanga polishi umapaka 12 kolokoyo?

Chiko wa Car Wash: Ayi polishi padzuwa sindipaka, bodza ndi loipa. Tili ndi ka shedi ka neti kobiriwira, yofuna polishi imalowa mmenemo n'kudikira izizire. Wothamanga timangomupopera wax wowalitsa ndi kuteteza penti, wamadzi uja wa m'botolo, khomo limodzi, kupukuta, khomo lina. Ameneyo sakakamira ngati wa m'chitini, koma sakhalitsanso.

Tchona wa ku Cape Town: Moni kumudzi. Nkhani ya madzi ochepa ndiilowerere chifukwa kuno tinaiphunzira mokakamizidwa. Mu 2018 madamu atatsala pang'ono kuuma, mzinda unalamula malita 50 pa munthu pa tsiku, ndipo kutsuka galimoto ndi madzi akumwa a mzinda kunali koletsedwa. Abale athu ambiri amene amagwira m'ma car wash anayamba kutsuka ndi ndowa imodzi ndi botolo lopopera. Pali sopo wina wosafuna kutsukuluza, mumathira kachivindikiro m'ndowa, mumanyika nsalu zofewa zija za microfibre zambiri. Mumapopera khomo limodzi kuti fumbi lifewe, kupukuta ndi nsalu yonyowa mopita mbali imodzi, kenako youma nthawi yomweyo. Nsalu ikada mbali zonse simuibwezanso m'ndowa, mumatenga ina. Ubwino wake padzuwa ndi woti palibe malo amene anyowa n'kumakudikirani. Ngakhale mulibe sopo ameneyo, nzeru yake tengani: gawani galimotoyo, denga theka, theka lina, boneti theka, khomo limodzi limodzi. Tsukani, tsukuluzani, umitsani, kenako sunthani.

Chiko wa Car Wash: Njira imeneyo pa galimoto ya m'tauni ya phula ndi yabwino achimwene. Koma ya fumbi la kwathu kuno, imene yayenda msewu wadothi, mukangoika nsalu musanagwetse mchenga ndi madzi ndiye mwaipala ndithu.

Tchona wa ku Cape Town: Pamenepo ndikuvomera. Ya matope kapena mchenga wambiri iyambe yathiridwa madzi. Koma ngakhale pothirapo simufunika mgolo wonse. Botolo la malita awiri loboola pachivindikiro limagwetsa fumbi la khomo lonse.

Aphunzitsi a ku Zomba: Za mthunzi, Bambo a Tadala, mwati palibe mtengo, koma nyumba ilipo. M'mawa chithunzithunzi cha nyumba chimagwera kumadzulo, madzulo chimagwera kum'mawa. Imikani galimoto pafupi ndi khoma la kumadzulo kuyambira usiku, mudzapeza kuti dzuwa likamatuluka muli ndi mthunzi wa maola awiri kapena atatu. Masana ndiye iwalani. Kumapeto kwa Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala dzuwa kuno kwathu limadutsa paliwombo penipeni, khoma silipereka mthunzi ngakhale wa nkhuku. Galimoto nayonso ili ndi mthunzi wake: mbali yosayang'ana dzuwa imakhala yozizirirako. Malizani denga, boneti ndi buti dzuwa lisanakwere, kenako gwirani mbali ya mthunzi, tembenuzani galimoto, dikirani pang'ono, gwirani inayo.

Sienta wa ku 25: Inu zonsezi za chiyani, pitani kwa aneba amene ali ndi mtengo wa mango, apatseni malo, muwagulire Fanta basi.

Madala a ku Biwi: Pansi pa mango nyengo ino? Mbalame zili pomwepo, mileme usiku, utomoni ukudontha, timango tikugwa. Zitosi za mbalame pa penti wotentha zimadya msanga kuposa madontho a madzi aja. Ngati ndi kubisala kwa ola limodzi mukugwira ntchito, chabwino, maso ali pa denga. Koma kuigoneka pamenepo mutapolisha ayi. Kuno ku Lilongwe mwezi uno timavutikanso ndi maluwa a jacaranda, akagwera pa galimoto yonyowa n'kuumirapo amasiya zipsera.

Nabanda wa ku Salima: Kwathu kuno mtengo wopulumutsa nyengo ino ndi msangu. Uli ndi khalidwe lakelake, masamba umayoyola nthawi ya dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndiye Okutobala uno ndi umene uli ndi mthunzi pamene mlambe uli mbulanda. Kungoti yang'anani minga pansi musanalowetse matayala, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimaukondanso chifukwa cha nyemba zake.

Koma ine ndalowa ndi nkhani ina, poti nonse mukudandaula za penti, za mwini wake palibe akunena. Ndine namwino. Chaka cha 2023 mwezi ngati uno a zanyengo anachenjeza kuti kuchigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44. Munthu wowerama pa chitsulo chakuda nthawi ngati imeneyo akuwotchedwa kumsana ndi kumaso komwe. Imwani madzi musanayambe, musadikire ludzu. Valani chipewa ndi malaya opepuka a manja aatali, osati kuvula malaya ngati amachitira anyamata. Mukamva mutu, chizungulire, nseru, kapena minofu kukokana, siyani pomwepo, khalani pamthunzi, dzithireni madzi, imwani Thanzi ORS ngati muli naye. Wina akayamba kusokonezeka mutu kapena kukomoka, ameneyo ndi wa kuchipatala msangamsanga, mukumuziziritsa m'njira. Ndipo amene ali ndi BP kapena shuga asachite nazo masewera.

Bambo a Tadala: Zikomo asisi. BP ndili nayo ndithu, mayi a kunyumba akuwerenga nane pano ndipo akuti mwawayankhulira.

Sienta wa ku 25: Mowa wozizira suwerengedwa ngati madzi asisi?

Nabanda wa ku Salima: Umachotsa madzi m'thupi achimwene. Thobwa ndikuvomerezani.

Bambo a Tadala: Ndiye pakati pa m'mawa ndi madzulo chabwino n'chiti? Ndimaweruka 4 koloko, ndimaganiza kuti cha m'ma 5 dzuwa likapepa ndingayambe.

Madala a ku Biwi: M'mawa. Madzulo dzuwa limapepa koma chitsulo, simenti ndi dothi zimakhala zikanali ndi moto wa tsiku lonse, komanso ngati mwangofika kumene injini ikuwotcha boneti kuchokera pansi. Mukati mudikire izizire, 6 koloko isanakwane dzuwa lalowa, mdima wagwa, udzudzu wa ku Shire wayamba, ndipo polishi wopaka ndi tochi ya foni mudzamuona m'mawa mizere yokhayokha. Pamene m'mawa mwezi uno 5 koloko kumakhala kutayera kale, chitsulo chagona usiku wonse. Kuyambira 5 mpaka cha m'ma 7 ndi nthawi yanu. Konzani zonse usiku, madzi atungidwe, nsalu zichapidwe, kuti m'mawa musataye nthawi kufunafuna ndowa.

Ndipo musafune kumaliza zonse tsiku limodzi. Mawa tsukani ndi kuchotsa madontho. Lachisanu tsukuluzani fumbi, umitsani, pakani polishi. Pang'ono pokha, kopyapyala, malo aakulu ngati thaulo la kumaso, akangochita mbuu pukutani. Anthu amaganiza kuti kupaka wambiri ndiye kuwala kwambiri, pomwe wotsala pa penti ndi wochepa yemweyo, winayo mumangovutika naye pochotsa. Pewani mapulasitiki akuda ndi mphira za m'mawindo, polishi akaumirapo zimayera ndipo kuchotsa kwake ndi ntchito.

Sienta wa ku 25: Funso langa lenileni tsopano. Sopo waufa wochapira zovala ali ndi vuto lanji? Ine ndimatsukira yemweyo chigulireni galimoto ndipo imawala bwinobwino.

Chiko wa Car Wash: Yanu ndi yasiliva bwana, siliva amabisa machimo ambiri.

Aphunzitsi a ku Zomba: Sopo waufa anapangidwa kuti achotse mafuta ndi thukuta m'nsalu, ndi wamphamvu. Pa galimoto amachotsa wax yense amene munapaka, ndiye penti amatsala pamtunda, dzuwa likumumenya mwachindunji. Akaumira pa chitsulo chotentha amasiya mizere yoyera yotsetsereka, ndipo timibulu tosasungunuka timakanda. Sopo wamadzi wotsukira mbale nayenso amachotsa wax, kungoti alibe timibulu. Shampu wa galimoto amaterera, ndiye mchenga umatsetsereka m'malo mokwekwereza pa penti.

Sienta wa ku 25: Shampu ameneyo mtengo wake mwauona aphunzitsi? Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja ndi moto.

Chiko wa Car Wash: Kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri pa ndowa bwana, botolo limakhala miyezi. Funsani Madala mtengo wopoperanso denga la Sienta mumve.

Madala a ku Biwi: Asandifunse, angakomoke asisi a ku Salima ali kutali.

Tchona wa ku Cape Town: Chinanso chimene sichifuna ndalama ndi ndowa ziwiri. Ina ya sopo, ina ya madzi okha yotsukuluzira nsalu musanaibwezere mu sopo. Mukamaliza yang'anani pansi pa ndowa yachiwiriyo muone mchenga umene ukanabwerera pa penti. Matayala ndi malimu akhale ndi nsalu yawoyawo, ndipo muyambe ndi amenewo, kuti madzi akuda asathovukire pa khomo loti mwaumitsa kale. Nsalu ikagwa pansi yatha ntchito mpaka ichapidwe. Malaya akale ndi mutton cloth sungirani matayala ndi pansi pa zitseko, pa penti wakuda gulani microfibre ngakhale zitatu zokha.

Adimini: Amene mukutumiza zithunzi za galimoto zogulitsa pakati pa nkhaniyi ndazichotsa. Tsiku la malonda ndi Lolemba.

Mayi a Pempho: Ine ndimakongoletsa maukwati ku Blantyre, ndiye ndinene mbali yanga isanafike Loweruka. Amene adzakongoletse galimotoyo muwauze asamate selotepi yoonekera ija kapena tepi yabulauni ya makatoni pa penti. Galimoto imaima panja pa tchalitchi maola awiri atatu, kenako kojambulitsa, kenako kuholo. Pofika madzulo guluu wa tepiyo wapsa, pochotsa amatsalira, ndipo anthu amayamba kupala ndi zikhadabo kapena kuthira petulo. Maliboni amangidwe pa magalasi a m'mbali, pa zogwirira zitseko, kapena apanikizidwe ndi boneti ndi buti. Pofunika kumata penipeni, tepi ya pepala ija amagwiritsa opopera penti, ndipo ichoke tsiku lomwelo. Pansi pa maluwa a pa boneti ikani kansalu kofewa chifukwa mawaya ake amakanda galimoto ikamayenda. Maliboni ofiira otsika mtengo akanyowa amasiya mtundu, koma poti yanu njakuda pamenepo mwapulumuka.

Bambo a Tadala: Izi sindikanaziganiza n'komwe mayi. Nditumiza uthengawu kwa apampando a zokongoletsa momwe ulili.

Mayi a Pempho: Ndipo mkati musaiwale. Diresi ndi loyera. Mipando, malamba ndi m'mphepete mwa khomo momwe diresi limakhudza potsika zikhale zoyera kuposa kunjako.

Chiko wa Car Wash: Mkatimo ndi momwe dzuwa limakhala mnzanu. Makapeti tulutsani, chapani, yanikani, pofika masana auma gwa. Mipando ya nsalu mukaichapa chitani m'mawa Lachinayi, musanyowetse kwambiri, tsegulani zitseko zonse, kuti pofika Loweruka isamanunkhe chinyontho. Koma dashibodi musapopere mankhwala itatentha, amauma mawangamawanga. Poperani pa nsalu kenako pukutani. Owala kwambiri aja ine sindiwakonda, amaitana fumbi ndipo masana dashibodi imaonekera pa galasi lakutsogolo, woyendetsa osaona bwino. Pa chiwongolero ndi mapedulo musapake chilichonse choterera.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndipo zitini zopopera musazisiye m'galimoto yotseka. Pa chitini pomwepo amalemba kuti chisapitirire madigiri 50, ndipo mkati mwa galimoto yoima padzuwa kumapitirira pamenepo mosavuta. Chimodzimodzi laita ya gasi.

Madala a ku Biwi: Poti tafika pa magalasi, ngati galasi lakutsogolo lili ndi kachibowo ka mwala kapena kamng'alu, musalithire madzi ozizira litatentha. Mng'alu umathamanga inu mukuona. Malimu nawonso, mukangofika paulendo mabuleki ali moto, asiyeni apole.

Sienta wa ku 25: Nanga nyuzipepala pa magalasi? Madala athu ankatero.

Chiko wa Car Wash: Kunja imagwira ndithu. Mkati ngati muli tinti yomata, nsalu yofewa ndi madzi basi, nyuzipepala imakanda tinti, ndipo mankhwala a magalasi a m'nyumba okhala ndi ammonia amaiwononga. Padzuwa galasi limauma musanamalize, ndiye mizere. Chitani limodzi limodzi, nsalu yonyowa dzanja ili, youma dzanja linalo.

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndayamba 5 koloko kuseri kwa nyumba monga ananenera aphunzitsi, mwana wanga wamkulu akuthira madzi ine ndikupukuta. Viniga wagwira pa boneti ndi pa buti, madontho achoka pafupifupi onse. Pa denga ena achoka koma ena atsala timabwalo, ukayang'ana chapambali timaoneka, ukagwira sipamveka kanthu. Chinanso, kuminda akuwotcha nzimbe, phulusa lakuda likugwa ngakhale pano.

Madala a ku Biwi: A pa dengawo ndi aja ndinanena, alowa mu clear coat, ndipo mwina si a sabata ino okha. Asiyeni. Polishi wa mawa awabisako pang'ono, ndipo palibe mlendo wa paukwati amene adzakwere pampando kuti aone denga. Ukwati ukatha pezani wa makina. Muuzeni ayambe ndi polishi wofewa, asathamangire sandipepala, chifukwa denga la galimoto imene yakhala padzuwa zaka zambiri kachikopa kake kamakhala katatha kale. Mukaona poyera ngati pachita nkhungu kapena poyamba kusupuka m'mphepete, pamenepo makina asafikepo n'komwe, ndi popopera basi.

Phulusalo musalipukute pouma. Lithireni madzi litsetsereke, kenako umitsani. Loweruka m'mawa chimodzimodzi, fumbi la usiku musalichotse ndi nsalu youma kapena chokunthira cha nthenga.

Bambo a Tadala: Ndiifunditse chilona usiku wa Lachisanu? Ndili nacho chabuluu choyanikira chimanga.

Tchona wa ku Cape Town: Chisakhudze penti achimwene. Chilona choterocho chili ndi fumbi lake, mphepo ikamachikupiza usiku wonse chimakwecha m'makona monse. Ngati mukufuna chigwire ntchito, chimangeni m'mwamba, mbali ina pa denga la nyumba, mbali ina pa nsungwi ziwiri zokumbira pansi, chikhale patali ndi galimoto kuti mpweya uzidutsa. Pamenepo mwapeza shedi ya mwezi wonse uno.

Madala a ku Biwi: Nsungwizo zikumbiridwe mozama ndipo zingwe zikhale zolimba. Nyengo ino ndi ya akamvuluvulu. Ndinawongolapo khomo la galimoto imene inagweredwa ndi chitsulo cha tenti ya pamwambo, mwini wake anaiika mmenemo kuti ibisale dzuwa.

Nabanda wa ku Salima: Funsaninso eni nyumba musanakhome kanthu pa denga lawo, mungapeze shedi n'kutaya nyumba.

Sienta wa ku 25: Matayala bwanji? Anyamata a pasiteji amapaka oyilo wakuda wotsala posintha, amawala ngati atsopano.

Chiko wa Car Wash: Amawala mpaka pa geti. Mukangolowa msewu wa fumbi asanduka ofiira, oyiloyo amafewetsa mphira, ndipo tayala likamazungulira amathovukira pa zitseko. Tangoganizani diresi la mkwatibwi likhudze pamenepo. Ena amapaka brake fluid, ameneyo ndiye akadonthera pa penti amamusupula. Tsukani tayala ndi bulashi ndi sopo mpaka thovu lisiye kuda, liume, kenako pakani polishi wa matayala pang'ono ndi kasiponji, m'mbali mokha, osati popondera. Ngati mulibe, tayala lotsuka bwino palokha limaoneka kale bwino.

Mayi a Pempho: Ndipo pa tsikulo woyendetsa akhale ndi kabotolo ka madzi ndi nsalu yoyera m'galimoto. Anthu akamavina mozungulira amagwira ndi manja a thukuta ndi mafuta odzola, pa yakuda zala zonse zimaoneka pa zithunzi.

Anganga a Probox: Pepani ndalowa mochedwa. Yanga njoyera, imagona panja ku Mangochi, madzi timatunga kunyanja. Zonsezi zikundikhudzanso kapena ndi za akuda okha?

Chiko wa Car Wash: Yoyera siitentha ngati yakuda ndipo madontho saoneka msanga, ndiye muli ndi mpata wokulirapo anganga, koma thovu likaumira limasiyabe mizere. Madzi a m'nyanja alibe mchere ngati a mjigo wa ku Nchalo, vuto lake ndi mchenga. Tungani m'ndowa, adikire akhazikike, thirani apamwamba okha. Ndipo tsukirani kumtunda, sopo ndi oyilo zisabwerere m'nyanja momwe anthu akutunga.

Anganga a Probox: Nanga nyali zakutsogolo zachita chikasu, usiku sindiona bwino. Ndamva za mankhwala otsukira mano.

Madala a ku Biwi: Amayeretsa kwa milungu yochepa kenako chikasu chimabwerera, chifukwa chimene dzuwa ladya ndi kachikopa koteteza pulasitikiyo. Zimafuna kupalidwa ndi sandipepala wa madzi wosalala kwambiri, kupolishidwa, kenako kupoperedwa clear coat watsopano. Tumizani chithunzi cha nyalizo dzuwa lisanakwere ndione ngati chikasucho chili kunja kapena mkati.